Galimoto yaikulu yamagetsi: kodi ndi ya ulendo uti?

Ambiri mwa ife amene tatsala pang'ono kumaliza maphunziro tinagula kale galimoto m'mutu. Digiri sitinalandire, ntchito sitinaipeze, koma mtundu wa galimoto tinasankha kalekale. Zaka zapitazo aliyense ankalota Hilux kapena Prado. Masiku ano anzanga ena akuti yawo idzakhala SUV kapena pikapu yamagetsi, ndipo ine sindiwanena. Munthu amene anagonapo pamzere wa petulo mu 2022 kapena kumapeto kwa 2024 sachita kufunsa chifukwa chake.

Chimene chimandivuta n'chakuti galimoto imodziyo tikuipatsa ntchito zitatu. Tikufuna izidzatipititsa kuntchito tsiku ndi tsiku, izidzatifikitsa kumudzi, komanso izidzalowa m'misewu yamatope kumene minibasi safika. Ntchito zitatuzi sizifanana, ndipo amene adzatenge ngongole kubanki asanazisiyanitse adzabweza kwa zaka zambiri ndalama ya chinthu chimene sichikumuthandiza.

Tiyambe ndi ulendo wa kuntchito, pomwe galimoto yamagetsi imawina mosakayikitsa. Yuniti imodzi ya magetsi imene timagula ija ndi imene akatswiri amaitcha kWh. SUV yapakatikati ngati BYD Atto 3 ili ndi batire losunga mayuniti pafupifupi 60, ndipo pa makilomita 100 imadya mayuniti osafika 20. Ndiye kuti munthu woyenda makilomita 30 patsiku amagwiritsa ntchito mayuniti 5 kapena 6. Soketi wamba ya m'nyumba imalowetsa mayuniti 2 kapena 3 pa ola, choncho maola atatu a usiku abwezeretsa zonse zimene zatha masana. Ngakhale magetsi atamathima, batire lodzadza lingamuyendetse munthuyo sabata yonse. Pamdipiti wa galimoto m'mawa, injini ya petulo imamwa mafuta ili chiimire, pomwe mota yamagetsi ikaima yaima. Ukaponda buleki, mota ija imasanduka jenereta n'kubweza mphamvu ina m'batire. Palibe kusintha oilo wa injini, palibe mapulagi, palibe kilatchi.

Koma apa pali zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda sanena. Choyamba, zonsezi zikuyenda bwino kwa munthu amene ali ndi mpanda ndi mita yakeyake. Ambiri a ife tikadzayamba ntchito tidzakhala nyumba ya lendi, mita imodzi ndi a landilodi, ndipo galimoto izidzagona pamalo olipiritsa kutali ndi khomo. Ndani adzalola kuti chingwe chako chizimwa mayuniti a anthu onse a pa pulotipo? Chachiwiri, ntchito yonyamula munthu mmodzi ndi laputopu yake sifuna chigalimoto. GMC Hummer EV ya ku America imalemera makilogalamu oposa 4,000, ndipo batire lake lokha limalemera pafupifupi makilogalamu 1,300, kuposa Toyota Vitz yonse yathunthu. Kulemera kumeneko kumadya magetsi, kumaperesa matayala msanga, ndipo pamsewu wodzadza ndi akabaza ndi ana asukulu, si nkhani yaing'ono.

Pa ulendo wautali nkhani imasintha. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa pang'ono 300, ndipo kupita ku Mzuzu ndi pafupifupi 350. Atto 3 ija papepala imayenda makilomita 420 batire likadzadza. Koma chiwerengero cha papepala chimatsika ukathamanga kwambiri, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphepo imene galimoto ikulimbana nayo imawirikiza kanayi. Onjezanipo zitunda, anthu asanu ndi matumba kumbuyo. Mwina ufika ndithu. Funso ndi lakuti ukafika uchita chiyani. Pamakina otchajira mwachangu, batire limafika pa 80 peresenti pasanathe ola. Pasoketi wamba, mayuniti 60 aja amafuna maola oposa 20. Ford F-150 Lightning, pikapu yamagetsi imene inayamba kupangidwa mu 2022, ili ndi batire lalikulu la mayuniti 131, ndipo pasoketi yotereyi ingatenge pafupifupi masiku awiri. Ikamakoka ngolo yolemera, mtunda umene imayenda umatsika mpaka pafupifupi theka.

Amene amakonda kunena kuti galimoto zimenezi zinadutsa kale maiko ambiri amatchula ulendo wa Ewan McGregor ndi Charley Boorman wa mu 2019. Awiriwa anachoka ku Ushuaia, kunsonga ya Argentina, mpaka ku Los Angeles pa njinga zamoto zamagetsi, akuperekezedwa ndi mapikapu a Rivian. N'zoona anafika. Koma kampani ya Rivian inachita kuwaikira malo otchajira m'njiramo. Ulendowo umandiphunzitsa kuti chimene chimafikitsa galimoto yamagetsi kutali ndi zimene zamangidwa m'mbali mwa msewu.

Komanso maulendo athu aatali si okaona malo. Kwathu ndi kumudzi kumene mawaya a magetsi amathera pa sitolo za pamsika, makilomita angapo kuchokera pakhomo pa agogo. Uthenga wa maliro umabwera usiku, ndipo amene ali ndi galimoto m'banjamo ndiye amanyamula anthu, ufa, nkhuni, nthawi zina ndi bokosi lomwe. Amalume anga, amene pikapu yawo yakale ya dizilo yagwira ntchito imeneyi kuyambira ndili mwana, sanyamuka popanda chigubu cha malita 20 kumbuyo. Ndinawerengera mphamvu ya chigubu chimenecho. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yofanana ndi mayuniti pafupifupi 10, ndiye kuti chigubucho ndi mayuniti 200. Injini imataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu ngati kutentha, koma zotsalazo zikufanabe ndi batire lonse la Atto 3, lomwe limalemera makilogalamu oposa 300. Amalume amanyamula zimenezo ndi dzanja limodzi. Mpaka lero galimoto yamagetsi ilibe chigubu chake.

Kutchire ndiye kumene nkhaniyi imakoma, chifukwa mota yamagetsi payokha ndi yabwino kuposa injini. Imapereka mphamvu zake zonse kuyambira pomwe tayala layamba kuzungulira, osadikira kuti injini ilire kaye. Rivian R1T, imene inatuluka mu 2021, inabwera ndi mota zinayi, tayala lililonse yakeyake, moti limodzi likaterereka enawo amakokabe. Siipuma mpweya ngati injini, ndipo siichita phokoso. Ku Kenya, kampani ya ku Nairobi imene inkatchedwa Opibus, pano Roam, inayamba ntchito yake pochotsa injini m'ma Land Cruiser oonetsera alendo nyama n'kuikamo mota ndi mabatire. Ku Maasai Mara galimoto zoterezi zimayandikira nyama mwakachetechete. Koma taonani mmene zimayendera: zimazungulira mtunda wodziwika, madzulo n'kubwerera pamsasa pomwe pali sola. Ndi ulendo wa kuntchito womwe uja, kungoti msewu wake ndi wafumbi.

Tsono yerekezani ulendo wochoka ku Rumphi kukwera ku Chelinda pa Nyika, makilomita oposa 100 a msewu wovuta, m'mwezi wa Januwale. R1T ija imalemera matani oposa atatu isananyamule kanthu. M'matope, kulemera ndiko kumatitimiza, ndipo anyamata a m'mudzi amene amakankha pikapu wamba sangaisunthe. Milatho yamatabwa ya m'misewu ya kumidzi sinamangidwire katundu wotero. Mchenga ndi matope zimamaliza batire msanga kuposa phula. Batirelo lili kunsi kwa galimoto, kumene miyala imagunda. Likavuta, makaniko wa pansi pa mtengo amene amadzutsa Hilux ndi sipanala ndi waya sangaligwire, ndipo asayerekeze, chifukwa magetsi ake ndi a mavoti mazanamazana.

Musandimve molakwa, ine ndikufuna galimoto zamagetsi zichuluke. Pafupifupi dontho lililonse la petulo ndi dizilo limalowa m'dziko muno kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Amenewo ndi athu. Koma ndi ochepa, ndipo tinaona mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga Kapichira, momwe kutaya mamegawati pafupifupi 130 kunatiikira mumdima kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi ochepa otere ndi ofunika kuwagwiritsa ntchito mwanzeru. Mayuniti amene angadzadze pikapu imodzi ya bwana angayendetse njinga zamoto za kabaza zambirimbiri tsiku lonse.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mnzanga amene ukulota galimoto, tenga kope ulembe maulendo ako a mwezi umodzi. Ukapeza kuti pafupifupi onse ndi a m'tauni ndipo uli ndi potchajira usiku, galimoto yaing'ono yamagetsi kapena njinga yamoto yamagetsi ikukwanira, ndipo maulendo awiri kapena atatu a kumudzi pachaka ungakwere basi kapena kuchita hayala. Ngati ntchito yako idzakhala ya ulangizi wa zaulimi kapena zaumoyo kumidzi yakutali, dizilo ikadali nawe kwa zaka zingapo.

Ndipo kwa ife amene tikusaka chochita tikamaliza sukulu, mpata uli pa zomwe zikusowazo. Pakufunika malo otchajira mwachangu ku Dedza, Ntcheu, Zalewa, Kasungu ndi Jenda, okhala ndi sola ndi mabatire awoawo kuti magetsi akathima ntchito isaime. Pakufunika amakaniko odziwa kuyeza ndi kukonza mabatire. Amene adzayambe zimenezi adzapeza makasitomala ambiri kuposa amene adzayambe kuitanitsa mapikapu a matani atatu.