Mtima wa Mnzako ndi Tsidya Lina

Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchito yanga ndiyo kusunga makalata onena za mbiri ya anchito. Pamenepo ndaphunzira kuti mau olembedwa m'kamphindi angatsate munthu kufikira kumanda. Koma phunziroli silinandilase mtima kufikira tsiku limene linalowa m'nyumba ya amai.

Ndiri ndi mng'ono wanga amene ciyambire unyamata wace sakhalitsa pa mtendere ndi anthu. Lero akonda bwenzi lace koposa, mawa aliyesa mdani. Nchito zitatu anazisiya ndi mkwiyo, ndipo tsiku lina anadziceka pamkono ndi lumo. Amalume anati, "Mwanayu anamlodza." Aphunzitsi a ku Misyoni anati ndi mwano cabe. Ine ndinapita naye ku cipatala.

Dotolo woyamba anaceza naye pang'ono, pakuti odwala anali ambiri pakhomo, nalemba kuti ali ndi nthenda ya khalidwe, imene pa Cingerezi aicha personality disorder. Patapita miyezi, waciwiri anati iai, ndi nthenda ija yokweza mtima wa munthu ndi kuugwetsanso. Wacitatu anati gwero lace ndi mowa. Maina anakhala atatu, koma wodwala anali mmodzi yemweyo.

Poyamba ndinaipidwa nao madotolowo, koma nditawerenga za nkhaniyi ndinaona kuti cobvuta ciri m'nthenda momwemo. Malungo aoneka m'dontho la mwazi, fupa lothyoka lioneka pa cithunzi, koma copimira khalidwe palibe. Dotolo atsamira pa mau a wodwala ndi a abale ace, ndipo yense anena monga aonera. Nanga ndani angaloze malire pakati pa munthu waukali ndi munthu wodwala? Caka ca 1923 dotolo wa ku Germany, Kurt Schneider, anaphunzitsa kuti anthu otere ndiwo amene asauka ndi khalidwe lao, kapena asautsa nalo anzao. Buku la madotolo a ku America la 2013 ligawa nthendazi m'mitundu 10, koma kawiri kawiri munthu mmodzi akwanira m'mitundu iwiri kapena itatu. Cifukwa cace bungwe la World Health Organization, m'buku lace limene linayamba nchito mu 2022, linaleka kagawidwe kotere. Tsopano dotolo apima kukula kwa bvutolo, ngati liri laling'ono, lapakati kapena lalikulu, nafunsanso ngati lakhala nthawi yaitali, monga zaka 2 kapena kuposapo.

Palinso mwambo. Kwathu mnyamata wosayang'ana mkulu m'maso ndiye waulemu, koma mlendo angamlembe kuti ngwobisa kanthu. Wosadziwa mudzi wa munthu sangaweruze bwino mayendedwe ace.

Mng'ono wanga ataona mau a pa kalata yoyamba ija anandifunsa, "Acimwene, kodi ndiye kuti ndine woipa kufikira imfa?" Ndinasowa comyankha. Pambuyo pace tinapeza dotolo wodekha, amene anamuona kambiri, naitananso amai kuti afotokoze za ubwana wace. Iyeyu anabvomereza dzina loyamba lija, koma anatiuza kuti si ciweruzo, ndi kuti ambiri otere apeza bwino m'kupita kwa zaka, makamaka akamaceza ndi wodziwa kuwathandiza. Dzinalo silinasinthe, koma tsopano tinalikhulupirira, popeza linadza atamva mbali zonse. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yatha anandiuza kuti ndilembe za mthenga wina wa mu ofesi mwathu, amene onse amucha wamwano. Ndinatenga colembera, koma ndinakumbuka funso la mng'ono wanga. Ndinaciika pansi, ndipo ndinaitana mthengayo kuti ndiyambe ndamva mau ace.