Ku Milepa kulibe nyanja

Anthu akandifunsa ntchito yomwe ndimagwira ndimayamba ndaseka kaye. Ndine telala, ndipo ndimasoka zovala zosambira m'nyanja. Akamva kuti ndimakhala pa Milepa, m'boma la Chiradzulu, nawonso amaseka. "Mayi inu, ku Milepa kuli nyanja yanji?" Kulibedi, abale anga. Kuli msika, zigayo, akabaza ndi fumbi la chilimwe basi. Koma madzi tinawaona, ndipo ndi madziwo amene anandiyambitsa ntchito imeneyi.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatipeza. Mvula inagwa usana ndi usiku osakata. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo m'boma lathu lino matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi wa Ntauchira. Ife nyumba inapulumuka, koma mng'ono wanga anapita kudimba kukaona ngati chimanga chatsala. Kamtsinje komwe tinkawoloka kuyambira tili ana, madzi olekeza m'mawondo, ndi komwe kanamutenga. Tinamupeza patapita masiku atatu.

Maliro anatha, anthu anabalalika, koma ine ndinatsala pomwepo. Makina anga a Singer anakhala miyezi yambiri atafundidwa chitenje. Tulo sindinkapeza. Mvula ikangoti waa pamalata, mtima unkagunda ngati ndathamanga mtunda wautali. Ngakhale kukatunga madzi pamjigo ndinkatuma mwana. Nsima inkandikanika, ndipo ma yunifolomu a ana asukulu omwe eni ake analipira kale ndinkangowayang'ana.

Paja mutu umodzi susenza denga, koma mitu yomwe inabwera inali ndi nzeru zosiyanasiyana. Ena amati ndalodzedwa. Ena amati chikhulupiriro changa n'chochepa. Ena ankanong'onezana kuti, "Ameneyu mapeto ake n'ku Zomba." Mukudziwa inu kuti kwathu kuno munthu akatchula Zomba mwanjira imeneyo sakunena za phiri kapena yunivesite, akunena chipatala cha odwala misala, ndipo amatchula ngati kundende.

Amene anandithandiza ndi namwino wina. Ndinapita kuchipatala kukadandaula mutu, iye n'kundifunsa funso lomwe palibe anali atandifunsapo: "Amayi, usiku mumagona?" Ndinalira ngati mwana. Anandiuza kuti kuvutika maganizo pambuyo pa zoopsa ndi matenda ngati ena onse, ali ndi chithandizo chake, ndipo si ufiti kapena ulesi. Anandipatsa masiku oti ndizibwera kudzacheza naye. Sindinachire tsiku limodzi, koma ndinayamba kudya.

Mu Okutobala chaka chomwecho amayi a gulu lathu la banki mkhonde anasonkha ndalama zoti tikadyere Tsiku la Anakubala kunyanja ku Mangochi. Ndinakana, mwana wanga wamkazi n'kundikakamiza. "Amayi, simukalowa m'madzi, mukangokhala pamchenga." Ndinakhaladi pamchenga tsiku lonse, nsana wanga utatsamira mtengo, maso ali pa anzanga.

Zomwe ndinaona zinandiseketsa koyamba chichitikire maliro aja. Amayi akuluakulu, ena apampando kutchalitchi, akulowa m'nyanja atamanga chitenje pachifuwa. Funde likabwera chitenje chija n'kuyandama, iwo dzanja lina kugwira pamwamba, lina pansi, kukuwa kuli tholo. Ena analowa ndi masikipa a amuna awo, potuluka nsalu itamatirira thupi moti manyazi anaposa a munthu wovala kabudula. Palibe anasambira. Aliyense ankalimbana ndi chovala chake. Mtima wa utelala unadzuka mwa ine: anthuwa akufunika chovala choti akalowa m'madzi aiwale kuti avala chiyani.

Nditabwerera ndinafundukula makina aja. Ntchitoyi inandiphunzitsa kudzichepetsa. Chitenje n'cha thonje, chimamwa madzi n'kulemera, ndiye sichingakhale chovala chosambira. Pamafunika nsalu ya nayiloni yotamuka, yosachedwa kuuma. Ndinapita kumsika wa Limbe kukasankha m'kaunjika zosambira za azungu ndi zovala zamasewera, n'kuzisomola kuti ndione kadulidwe kake. Chovala choyamba chinang'ambika mwana wanga atangochikoka, chifukwa msoko wowongoka wa Singer sutamuka pamodzi ndi nsalu. Ndinabwereka ndalama kugulu n'kugula makina akale osoka zigizagi. Ndisanabweze n'komwe, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa lasitiki ndi ulusi n'kukwera. Ndinatsala pang'ono kusiya.

Zomwe ndimasoka si timikanda tija mumaona m'mafilimu. Ndi kabudula wofika m'mawondo, malaya ophimba mapewa, ndi kansalu ka chitenje komangira m'chiuno munthu akatuluka m'madzi. Amayi achisilamu amapempha manja aatali ndi miyendo yofika m'akakolo, ndimawasokera. Atsikana a m'tauni amafuna chachifupi, ndimawasokeranso. Mwini thupi ndiye amasankha.

Komabe azakhali anga atamva anandiitanitsa. "Iwe, mayi ako anakulera kuti uzisokera anthu maliseche?" Sindinawayankhe mwachipongwe, pakuti ndikudziwa nthawi yomwe anakulira. Kuyambira 1973 lamulo m'dziko muno linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo, ndipo linachotsedwa mu 1993 pamene mphepo ya zipani zambiri inali kuwomba. Lamulo linachoka m'mabuku koma m'mitu ya ena linatsala. Mu Januwale 2012 amayi ovala mathalauzi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre, mpaka amayi anzawo anachita msonkhano wotsutsa nkhanzazo. Ndinangowauza kuti, "Azakhali, chitenje choyandama chija n'chomwe chimavula munthu, changachi chimamuveka." Anangoti, "Kaya zako izo." Mpaka lero sanavomereze, koma moni timapatsana.

Chomwe sindinayembekezere n'chakuti tepi yoyezera imamasula pakamwa. Munthu ukamuyeza m'chiuno amayamba kupepesa: mimba iyi ndi ya ana anayi, chipsera ichi n'cha opaleshoni, bambo akunyumba amati ndanenepa. Tikacheza pang'ono zimatuluka zina: sindigona, chimwalirire mwana wanga sindimafuna kuona anthu. Ine si dokotala, ndipo ndimawauza choncho. Ndimangowafotokozera zanga, n'kuwauza kuti apite kuchipatala akanene zoona osati kunamizira mutu monga ndinachitira ine. Ndimawauzanso kuti thandizo silili ku Zomba kokha, a St John of God aliko ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo poyambira ndi chipatala chomwe ali nacho pafupi. N'chifukwa chake m'mbali mwa chovala chilichonse, mkati mosaonekera anthu, ndimasokamo mawu awiri ndi ulusi wofiira: usasenze wekha.

Sindingakunamizeni kuti ndalemera. Maoda amabwera pa WhatsApp kuchokera ku Blantyre ndi Zomba, katundu ndimatumiza pa minibasi, ndipo malonda amatentha mu Okutobala ndi Disembala basi. Miyezi ina yonse amandidyetsa ndi ma yunifolomu ndi zigamba. Anzanga ena amati ndisamukire ku Mangochi komwe kuli makasitomala. Mwina akunena zoona, koma manda a mng'ono wanga ali kuno, ndipo ana ake awiri ndikulera ndine.

Chaka chotsatira gulu lathu linapitanso kunyanja. Amayi asanu ndi mmodzi anavala zosoka zanga, ine wachisanu ndi chiwiri. Ndinaima m'mphepete nthawi yaitali, miyendo ikunjenjemera. Mwana wanga anandigwira dzanja lamanja, mwana wamkulu wa malemu anandigwira lamanzere. Tinalowa mpaka m'mawondo, kenako m'chiuno. Pamenepo ndinati basi, pakwana, ndipo palibe anandikakamiza.

Kusambira sindinaphunzirebe, ndipo mvula ikagwa usiku ndimadzukabe n'kuyatsa nyali. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano ndikadzuka ndimakhala pamakina, ndipo kukacha ndimauza munthu kuti usiku sindinagone. Inu amene mukuwerenga, ngati pakhomo panu pali wina amene wasiya kudya, wasiya kuseka, musathamangire kumufunsa amene wamulodza. Yambani mwamufunsa ngati usiku amagona.