Mayi amene anabweretsa Chigiriki ku Zomba



Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandipeza mu ofesi atanyamula mabuku onse a sukulu, akuti wadzabweza. Amalume ake amupezera mwamuna wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Ndinasowa chonena. Ndinangomuuza kuti ayambe wakhala pansi, ndimufotokozere za mayi ena ake.

Mayiwo ndi a Caroline Alexander, a ku America. Mu 1982, asanakwanitse n'komwe zaka 30, anafika ku Zomba n'kuyambitsa dipatimenti ya Chigiriki ndi Chilatini ku Chancellor College. Inali nthawi ya Kamuzu, amene ankakonda zilankhulo zimenezi moti ku Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981, mwana aliyense ankaziphunzira. Mayiwa anachoka mu 1985 koma dipatimenti ija inatsala. Ine ndinakaipeza patapita zaka, ndipo n'kumene ndinamvera koyamba za Iliad, ndakatulo yaitali ya Homer yokamba za nkhondo ya ku Troy.

Ndakatuloyi imayamba ndi mkangano. Akuluakulu awiri a nkhondo, Agamemnon ndi Achilles, akulimbirana Briseis, mtsikana wogwidwa pankhondo. M'buku lonselo Briseis amalankhula kamodzi kokha, pa maliro.

George Chapman anamaliza kuimasulira m'Chingerezi mu 1611. Amuna ena ambiri anatsatira. Zaka 400 zinadutsa mpaka mu 2015, pamene mayi Alexander anakhala mzimayi woyamba kutulutsa Iliad yonse m'Chingerezi. Werengani nokha: kuchokera pamene anachoka ku Zomba ndi zaka 30 zathunthu. Maphunziro sapsa ngati mbatata yootcha.

Mtsikana uja anamvetsera ali zyoli. Kenako anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga Briseisyo anamufunsa ndani maganizo ake?"

Ndinati palibe. Anakhala chete kanthawi, n'kutola mabuku aja kubwezera m'jumbo mwake.

Nkhani sinathe ayi. Mwanayu ali ndi zaka 16, pamene malamulo a dziko lino, chiwakonzereni mu 2017, salola ukwati munthu asanafike 18. Loweruka tikupita ndi amayi a Mother Group kukaonana ndi amalume aja. Tikakafika, woyamba kumufunsa akakhala mwini wakeyo.