Pa Siteshoni ya ku Luchenza

Mwezi wathawu ndinapita kwathu ku Luchenza kukalambula manda a bambo anga, ndipo ndinatenga mdzukulu wanga wobadwira ku Lilongwe. Titatsika minibasi pafupi ndi msika, mwanayo anayang'ana uku ndi uku, nandifunsa kuti, "Agogo, anthu anaonanji kuti amange tauni pano?" Ndinaseka, koma funsolo linandilasa mumtima, pakuti ndinazindikira kuti sindinamuuzepo kanthu za kwawo kwa makolo ake. Chotero m'malo molunjika kumudzi, ndinamgwira dzanja ndi kupita naye ku siteshoni.

Luchenza anakula ndi njanji. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo inadzera pano, pakati pa zitunda za Thyolo ndi phiri la Mulanje. Tiyi anali atayamba kale ku Mulanje, kumene Henry Brown anambzala mu 1891, ndipo eni minda a mbali zonse ziwiri anafuna pokwezera katundu wawo. Mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, bokosi lokwezedwa pano linkafika kudoko la Beira osatsitsidwanso pamtsinje.

Mabukhu amatchula Azungu amene anabzala, koma satchula amene ananyamula. Agogo anga anali Alomwe. Anabwera pansi kuchokera ku Mozambique pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nadzapeza thangata akuwadikira kuno. Mwana wawo, ndiye bambo anga, anakalambira pa siteshoni imeneyi akusenza mabokosi a tiyi kuchokera pa lole kulowetsa m'ngolo za sitima. Mabokosiwo anali a matabwa opyapyala, m'kati mwake muli pepala lonyezimira ngati siliva. Limodzi losweka anabwera nalo kunyumba, nalikhoma bwino, ndipo ndi pamenepo pamene ine ndinaphunzirira kulemba. Paphewa lawo lamanja panali pouma ngati chikopa cha ng'ombe. Koma tiyi weniweniyo kwathu tinkamwa Lamulungu lokha, pochokera ku tchalitchi, ndipo anali wafumbi, wogula pang'ono m'sitolo ya Mmwenye.

Sitima ikalira kutali, tauni yonse inkadzuka. Amayi ankathamanga ndi malichero a nthochi, nanazi, nzimbe ndi chinangwa chophika, kukweza m'mwamba ku mawindo a apaulendo. Matelala pa makonde a sitolo ankaimitsa makina. Ife ana tinali ndi nzeru yathu: tinkagunditsa khutu panjanji kuti timve sitima isanaoneke, ngakhale kuti bambo akatipeza tikuchita zimenezo, tinkagona ndi misozi.

Zonsezi zinatha pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula Amwenye kuchoka m'matauni aang'ono, ndipo masitolo ena anakhala otseka. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndipo mu 1997 madzi osefukira anadula njanji cha ku Chiromo. Tiyi anayamba kuyenda pamsewu, kupita ku okushoni ya ku Limbe.

Ndinkayesa kuti tauniyo idzafa pamodzi ndi ntchito ya bambo, koma ndinalakwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 12,000 mu Luchenza. Msika ukusefukira, ndipo anyamata a kabaza alowa m'malo mwa osenza akale. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku Chonde, pafupi pomwepa, kumene kuyambira 2008 Alomwe akhala akusonkhana pa mwambo wa Mulhako, kuvina tchopa ndi kudya kalongonda poyera. Bambo anga ankachita manyazi kuyankhula Chilomwe pamaso pa akapitawo, ndipo ife sanatiphunzitse. Ine ndinangotolako moni wokha. Mlandu umenewu sindiwaimba, pakuti ankafuna kuti ana awo asamasekedwe kusukulu. Komabe ndikamva ng'omazo, ndimamva ngati mlendo pakhomo pa agogo anga.

Mdzukulu wanga anamvetsera zonsezi ali chete. Kenaka anayang'ana mbali zonse ziwiri monga ndinamuuza, nagwada, nagunditsa khutu pachitsulo chotentha ndi dzuwa.

"Sikukumveka kanthu, agogo."

Ndinamsasa fumbi m'maondo, ndipo tinanyamuka kukabwereka makasu kwa achemwali anga, kuti tikafike kumanda dzuwa lisanapendeke.