Kalikokha N'kanyama, Tili Tiwiri N'tianthu

Mwambi wa lero ndi wodziwika kwa aliyense amene adakulira pamudzi. Akuluakulu amaunena pamaliro, pofolera nyumba ngakhalenso pabwalo la milandu, pofuna kukumbutsa kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Komatu mwambi umamveka bwino ukatsamira pa nkhani. Nkhani yake ndi ya mkulu wina wa ku Dedza, mdzukulu wake, ndi kamakina ka masewera kamene kadatsala pang'ono kuwalekanitsa.

Mkuluyu adagwira ntchito ya ukalaliki ku positi ofesi kwa zaka zoposa 30. Pa unyamata wawo adaona kuti wodziwa Chingerezi ndiye ankapeza ntchito ya m'ofesi, choncho atakwatira adaika lamulo pakhomo pawo lakuti ana azilankhula Chingerezi pa nthawi ya chakudya. Akazi awo adang'ung'udza, koma lamulo lidakhazikika. Anawo adaphunziradi. Woyamba kubadwa, wamkazi, adakhala namwino ndipo adapita kukagwira ntchito ku Manchester, kumene adabereka mwana wamwamuna. Mu Ogasiti 2023 mayi ndi mwana adabwera kudzaona makolo, mnyamatayo ali ndi zaka 11. Chichewa chake chonse chidali moni, zikomo ndi dzina la nsima.

Usiku wachiwiri agogowo adaitana mdzukulu wawo kuti akhale nawo pafupi ndi mbaula. Adatsokomola monga achitira anthu a nthano, nati, “Padangotero!” Adadikira. Yankho lija limene mwana aliyense wa m'mudzi amalidziwa, lakuti “Tili tonse,” silidamveke. Mnyamatayo adangowayang'ana mwaulemu, osadziwa kuti akuyembekezeka kunenapo kanthu. Agogowo adasintha, nayamba kusimba za Kalulu m'Chingerezi, koma nthanoyo idatuluka ngati ndiwo zopanda mchere. Nyimbo ya pakati idakanika kumasulirika. Itatha, mwanayo adathokoza bwinobwino, nabwerera pampando pamene adasiya kamakina kake.

Kamakinako kadali Nintendo Switch. Kwa owerenga amene sadakagwirepo, ndi kachipangizo kokhala ndi galasi loonetsa zithunzi pakati, ndi togwirira tiwiri ta mabatani m'mbali mwake. Munthu atha kukanyamula m'manja kapena kukalumikiza ku wailesi yakanema. Kampani yokapanga ndi ya ku Japan, ndipo idayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ikupanga makhadi osewerera. Makina oyamba otere ogulitsidwa kuti anthu azisewera m'nyumba zawo adatuluka ku America mu 1972, dzina lake Magnavox Odyssey. Kampani ya Sony idatulutsa PlayStation mu 1994, ya Microsoft idabwera ndi Xbox mu 2001, Switch adatuluka mu 2017, ndipo mng'ono wake, Switch 2, adafika pamsika mu Juni 2025.

Makinawo paokha ali ngati mbale. Chakudya chake ndi masewera amene achinyamata amawatcha magemu. Ena amapangidwa ndi makampani akuluakulu olemba anthu mazanamazana. Koma chiyambireni kugulitsa magemu pa intaneti, popanda kuwasindikiza pa zimbale ndi kuwatumiza m'masitolo, anthu ochepa odziimira paokha nawonso adapeza khomo. Chitsanzo ndi Eric Barone wa ku America, amene kwa zaka zoposa zinayi adajambula zithunzi, kupeka nyimbo ndi kulemba yekha gemu ya ulimi yotchedwa Stardew Valley, yomwe idatuluka mu 2016. Magemu a odziimira paokhawa nthawi zambiri amasimba nkhani zimene makampani akuluakulu sazilabadira poopa kuti sizigulidwa.

Zonsezi agogo aja sankazidziwa, ndipo sankafuna kuzidziwa. M'maso mwawo kamakinako kadali wakuba amene adalowa m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo. Adauza mwana wawo wamkazi kuti mdzukuluyo wamezedwa ndi kabokosi, ndipo adatsimikiza zokatsekera m'sutikesi kufikira tsiku la ulendo. Akazi awo, amene ankasenda mbatata pamkeka, adayankha osakweza mutu: “Bambo, safunsa adadya phula. Kodi mwanayo mwamufunsapo chimene amaona m'menemo?”

Madzulo ena, mphepo ya mwera ikuwomba ndipo zitseko zonse zili zotseka, agogowo adamva mawu a nkhalamba akutuluka m'kamakina muja. Chilankhulo chake sadachimvepo, koma kayendedwe ka mawuwo adakazindikira nthawi yomweyo. Munthuyo ankasimba nthano. Ankatsitsa mawu pamene osimba amatsitsa, napuma pamene amapuma. Agogo adasendeza mpando, nafunsa kuti amene akulankhulayo ndani. Mnyamatayo adati ndi gogo wina wa ku Alaska, ndipo adadandaula kuti wakakamira pamalo amodzi kuyambira dzulo, chifukwa akamasewera yekha mnzake wa m'gemumo amatsalira m'mbuyo, nagwa m'phompho. Adazula kogwirira kamodzi, nakaika m'manja mwa agogo ake. “Agogo, inu mukhale nkhandwe.”

Gemuyo imatchedwa Never Alone, ndipo m'chilankhulo cha eni ake ndi Kisima Ingitchuna, kutanthauza kuti “sindili ndekha.” Eni akewo ndi Aiñupiat, anthu a kumpoto kwa Alaska, dziko lozizira kotero kuti nyanja imauma n'kukhala mwala, ndipo m'nyengo yachisanu madera ena amatha masabata ambiri dzuwa osatuluka. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kotchedwa Nuna. Mudzi wawo wavutika ndi namondwe wa chipale wosaleka, alenje akulephera kupita kosaka, ndipo njala yayandikira. Nuna anyamuka kukafuna gwero la mphepoyo. Panjira chimbalangondo choyera chimuthamangitsa, ndipo nkhandwe yoyera imupulumutsa. Kuyambira pamenepo awiriwa ayendera limodzi. Mtsikana amakankha zolemera ndi kuponya chida cha zingwe zolemera kunsonga, chimene alenje a kumeneko ankagwetsera mbalame. Nkhandwe imakwera pamene mtsikana sangafike, ndipo ndiyo imaitana mizimu yothandiza. Wina akafa, onse awiri amabwerera m'mbuyo kukayambiranso.

Zala za agogo zidali zouma ndi ukalamba. Nkhandwe yawo idagwera m'madzi kambirimbiri, ndipo mdzukulu adaseka mpaka misozi, kuseka koyamba chibwerereni. Koma pamene mtsikana adafika pakhoma lalitali, adayenera kudikira kuti nkhandwe ikwere ndi kumugwetsera chingwe. Mwana wodziwa mabatani onse adaima chilili, kuyembekezera nkhalamba.

Patsogolo pang'ono adaona kadzidzi atatera. Agogo adadzidzimuka, pakuti kwa Achewa kadzidzi akalira padenga anthu sagona tulo. Mnyamatayo adawauza kuti m'gemumo kadzidzi ndi wabwino. Ukamufika, amakutsegulira kanema wamfupi mmene anthu enieni a mtundu uja akufotokoza za moyo wawo: za ng'oma, za zovala zachikopa, za kugawana nyama, za kuunika kobiriwira kumene kumavina kumwamba usiku. Makanema otere alimo 24. Mwanayo adaulula kuti ankawadumpha. Agogo adalamula kuti aonedwe onse, mmodzimmodzi, ndipo pa nkhani imeneyi lamulo lawo lidali labwino. Poona za kugawana nyama, adafotokozera mdzukulu wawo mmene chiweto chikaphedwa pamudzi ziwalo zina zimapitira kwa akuluakulu. Mwanayo adafunsa mafunso mpaka makala a m'mbaula adazima.

M'mawa mwake mayi wa mwanayo adafufuza mbiri ya gemuyo pa foni, nawawerengera bambo ake. Idayambira ku bungwe la Cook Inlet Tribal Council la mumzinda wa Anchorage, limene limathandiza eni nthaka a ku Alaska pa maphunziro ndi ntchito. Atsogoleri ake, motsogozedwa ndi mayi Gloria O'Neill, ankafuna njira yopezera ndalama popanda kudalira boma lokha, ndiponso ankada nkhawa poona achinyamata akutalikirana ndi miyambo. Adaganiza zowatsata anawo komwe ali. Adagwirizana ndi akatswiri a kampani ya E-Line Media, nakhazikitsa kampani yawoyawo, Upper One Games. Gemuyo idatuluka mu Novembala 2014 pa makompyuta, pa PlayStation 4 ndi pa Xbox One. Mu 2015 idalandira mphoto ya BAFTA ku London, ya gemu yoyamba yopambana ya kampani yatsopano, ndipo mu 2022 idafika pa Switch.

Chimene chidawagwira mtima agogo ndi mmene ntchitoyo idayendera. Akatswiri aja sadatole nthano m'buku n'kuthawa nayo. Akuluakulu, osimba nthano ndi anthu ena a mtunduwo pafupifupi 40 adakhala nawo pa ntchitoyo, kuwongolera ndi kukana zimene zidali zolakwika. Mlembi Ishmael Hope, mwana wa kumeneko, adathandiza kulemba mawu ake, ndipo wosimba m'chilankhulo cha Iñupiaq adali mkulu wotchedwa James Nageak. Nthano yeniyeniyo imatchedwa Kunuuksaayuka, monga momwe ankaisimbira Robert Nasruk Cleveland wa kumtsinje wa Kobuk. Popeza iyeyo adali atamwalira, opanga gemu adapita kwa mwana wake wamkazi, Minnie Gray, kukapempha chilolezo. M'nthano ya makolo woyenda ulendowo ndi mnyamata, ndipo m'gemu adamusandutsa mtsikana, eni ake akudziwa. Agogo adagwedeza mutu, nati anthu amenewo amadziwa kuodira pakhomo pa eni.

Mwana wawo adawerenganso za chifukwa chimene chilankhulo cha Iñupiaq chidafookera. Kwa zaka zambiri ana a eni nthaka ku Alaska ankatumizidwa ku sukulu za boma ndi za mishoni, kumene ankalangidwa akalankhula chilankhulo cha makolo awo. Ambiri atakula sadawaphunzitsenso ana awo, poopa kuti angaone zomwe iwo adaona. Agogo adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, “Mwanawe, kumeneko chilankhulo adachita kulandidwa. Kuno palibe adabwera ndi mkwapulo pakhomo pano. Lamulo lija la patebulo ndidaika ndekha.” Mwana wawo adati, “Ababa, mudatichitira zimene mudaona kuti n'zabwino.” Iwo adavomera kuti zidali choncho, koma adati wolipira mtengo wake ndi uyo wakhala apoyo.

Adaimaliza gemuyo usiku wachinayi. Gwero la namondwe lidapezeka kuti ndi chimunthu chachikulu chimene chinkaswa chipale ndi kasemasema n'kumachiwaza m'mwamba. Nuna adachilanda kasemasemayo, ndipo mphepo idaleka. Pamenepo agogo adauza mdzukulu wawo kuti dzina la gemu yake lili ndi mbale wake m'Chichewa. Kumene Aiñupiat amati “sindili ndekha,” Achewa pa nthano amati “tili tonse,” ndipo osimba sapitiriza mpaka atamva mawu amenewo. Adamuyeseza katatu. Kenaka adayambanso nthano ya Kalulu ija m'Chichewa, agogo aakazi akutsogolera nyimbo, mayi akumasulira pamene mwanayo wasochera. Mnyamatayo adajambula mawu onse pa foni.

Pasakhale wonena kuti kamakina kadaphunzitsa mwana Chichewa, kapena kuti gemu iliyonse ndi yabwino. Alipo magemu ongodya nthawi ndi ndalama, ndipo kholo lochenjera limayang'ana zimene mwana akusewera. Never Alone nayonso ili ndi zolakwika zake, pakuti ambiri oiyesa adadandaula kuti munthu akamasewera yekha mnzake woyendetsedwa ndi makina amachita zopusa. Phunziro lili poti nthano itha kusamuka pamoto n'kulowa m'makina osataya ulemu wake, malinga eni ake akhalepo posamutsapo. Ku Africa ena adayamba kale. Kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, idatulutsa Aurion mu 2016, ndipo mu 2024 Abubakar Salim wa ku Britain adatulutsa Tales of Kenzera: Zau, yotsamira pa nthano za anthu a Chibantu, polira bambo ake. Adzukulu amene akuphunzira zamakompyuta, tsiku lina mudzafuna kuika Kalulu ndi Fisi m'magemu anu. Dzayambeni mwaodira. Zina, monga za kudambwe kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, zili ndi eni ake amene angathe kukuuzani kuti apa pokha ayi, ndipo yankho limenelo lidzafunika kulimvera.

Mayi ndi mwana adabwerera ku Manchester kumapeto kwa mwezi womwewo. Mnyamatayo sadasiye magemu, ndipo Chichewa chake chikadali chopunduka. Koma Lamulungu lililonse madzulo foni imalira m'nyumba ija ya ku Dedza. Moni akatha, agogo amatsokomola, nati, “Padangotero!” Mawu amachedwa pang'ono panjira, monga achitira mafoni a kunja, kenaka yankho limafika: “Tili tonse, agogo.”