Windows ndi Linux m'laputopu imodzi ku Chadiza

Malaputopu ambiri amene amafika patebulo langa pa boma la Chadiza ndi akaunjika: a Dell, HP ndi Lenovo omwe anatumikira maofesi akunja asanafike m'masitolo a ku Chipata ndi ku Lusaka. Eni ake ndi aphunzitsi, alembi a makopaletivu a alimi ndi ana a ku koleji. Panyumba laputopuyo imakhala imodzi yokha, ndipo m'menemo muli zonse: mayeso a ana, mayina a mamembala, zithunzi za ku Kulamba.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza maapudeti aulere a Windows 10. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano, zomwe makina ambiri akalewa alibe. Mphunzitsi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume sangataye laputopu yoyaka bwino chifukwa cha zimenezo. Kusiya Windows sangathenso, poti Computer Studies, phunziro limene ana a giredi 9 anayamba kulemba mayeso ake mu 2015, ambiri amaliphunzitsa ndi Word ndi Excel. Apa mmisiri amaika Linux pambali pa Windows, zomwe pantchito yathu timati dual boot.

Linux anaiyamba Linus Torvalds ku Helsinki mu 1991, ndipo ndi yaulere. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, unatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Pa makina ofooka ndimakonda Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake sasokoneza munthu wozolowera Windows. Mavairasi a m'maflashi, aja obisa mafayilo n'kusiya mashotikati okhaokha, sagwira pa Linux. Mlembi angatsegule flashi yochokera kosindikizira mapepala mopanda mantha.

Funso loyamba la eni makina limakhala lomwelo: "Amisiri, zinthu zanga sizitayika?" Yankho lake ndi ntchito ya maola oyamba. Ndisanakhudze chilichonse ndimakopera mafayilo onse pa hadi disiki yapadera, mwiniwake akuona, n'kutsegula angapo kuti titsimikize. Kenaka ndimayang'ana ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker. Ikakhala yokhomedwa, kiyi yake ya manambala 48 iyenera kulembedwa papepala, chifukwa kusintha kwakung'ono koyatsira kungachititse Windows kuifunsa, ndipo wopanda kiyiyo salowanso. Fast Startup ya mu Windows nayo imazimitsidwa. Ikasiyidwa yoyaka, Windows sizima kwathunthu, imagwirabe disiki, ndipo Linux imakana kulembamo.

Kugawa disiki kuli ngati kudula malire m'munda wolimidwa kale: chimanga chakale chikhale pomwe chili, mtedza upatsidwe mbali yopanda kanthu. Gawo la Windows ndimalichepetsa ndili m'Windows momwemo, ndi Disk Management, osati ndi chida china. Ubuntu imafuna magigabaiti 25 pochepetsetsa, koma ine ndimapatula 60 kapena kuposa, kuti munthu asadzabwerenso miyezi itatu ikatha malo atadzaza. Amene amafuna kutsegula mafayilo ake mbali zonse ziwiri ndimamusiyira gawo la NTFS, lomwe Windows ndi Linux zimawerenga.

Dongosolo lake silisintha: Windows iyambe, Linux itsatire. Linux ikamalowa imabwera ndi GRUB, ka pulogalamu kamene kamaonekera poyatsa n'kukufunsa kumene ukufuna kulowa. GRUB imaizindikira Windows n'kuilemba pamndandanda. Windows ikalowa pambuyo imadziika patsogolo, Linux n'kubisika ngati kulibe. Chinanso n'choti zonse ziwiri zilowe m'njira imodzi yoyatsira, UEFI kapena Legacy. Ngati Windows inaikidwa mu UEFI, flashi ya Linux iyatsidwenso mu UEFI, osati mu Legacy. Batani losankhira flashi ndi F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP. Makina ena disiki siioneka mpaka mmisiri atasintha njira yowerengera disiki kuchoka ku Intel RST kupita ku AHCI, ndipo Windows iyenera kukonzekeretsedwa kaye kuti isakane kuyaka.

Kuno zinthu ziwiri zimavuta kuposa m'tauni. Fayilo ya Ubuntu 24.04 ndi ya magigabaiti pafupifupi 6, bando yomwe mphunzitsi aliyense angaimve m'thumba, kaya ndi ya MTN, Airtel kapena Zamtel. N'chifukwa chake mmisiri amaitsitsa kamodzi n'kuisunga pa flashi ya Ventoy, yomwe imanyamula mitundu ingapo nthawi imodzi. Chachiwiri ndi magetsi. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita kwa maola ambiri tsiku lililonse. Laputopu yakufa batire ikazima pakati pogawa disiki, mafayilo angawonongeke. Ntchito imeneyo siiyambika popanda batire yamoyo kapena sola yokhala ndi invata.

Zikatheka zonsezi, pamatsala kachilema kamene kamadabwitsa eni makina: wotchi. Linux imasunga m'makina nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, pomwe Windows imawerenga nthawi yomweyo ngati ya kwanuko. Zambia ili patsogolo pa UTC ndi maola 2, choncho munthu akachoka ku Linux kubwerera ku Windows amapeza wotchi yabwerera m'mbuyo maola 2. Lamulo limodzi la timedatectl pa Linux limathetsa vutoli, ndipo ndimalilemba makina asanachoke patebulo.

Maapudeti nawonso amatha kusokoneza. Mu Ogasiti 2024 apudeti ya chitetezo ya Windows inalepheretsa Linux kuyaka pa makina ena a dual boot m'mayiko osiyanasiyana, chifukwa chitetezo cha poyatsira chotchedwa Secure Boot chinakana mapulogalamu oyatsira akale. Mafayilo sanatayike, chinatsekeka ndi khomo lokha. Pachifukwa ichi ndimaika Linux yatsopano nthawi zonse, ndipo ndimauza mwini makina kuti GRUB ikadzasowa asalole aliyense kufomata disiki. Kuibweza ndi ntchito yaing'ono kwa wodziwa.

Ola lomaliza ndi la mwini wake. Amakhala pampando wanga, ine ndili chiimire. Amayatsa yekha, amasankha Windows ndi mabatani a mivi, amazimitsa, amayatsanso n'kusankha Linux. Amatsegula fayilo yake ya Excel mu LibreOffice Calc kuti aone ngati manambala ali m'malo mwake. Kwa aphunzitsi ndimawonjezera Kiwix, pulogalamu yowerengera Wikipedia popanda intaneti, yomwe imathandiza kusukulu kosafika netiweki. Timagwirizana mbali imene iziyamba yokha akapanda kusankha: ambiri amafuna Windows pa zolemba za kusukulu, Linux pa intaneti ndi pa maflashi a anthu ena. Pepala la kiyi ya BitLocker ndi pasiwedi yatsopano ya Linux amalitenga yekha, ndipo mafayilo ake pa hadi disiki yanga ndimawafufuta iye akuona, akatsimikiza kuti onse alipo.