Mawaya Opanda Bolodi ndi Mawu a Muadhini Wathu

Mphenzi imene inagwa usiku wina mu Febuluwale 2022 sinavulaze munthu kuno ku Senga Bay, Alhamdulillah, koma inasiya mzikiti wathu uli wopanda mawu. Kutacha tinapeza ampulifaya ikununkha utsi. Mkonzi wa mawailesi wa pa Salima boma atayitsegula anangopukusa mutu, pakuti bolodi yake inali itapserera pakati, ndipo timizere ta kopa tolumikiza zipangizo tinali titasanduka makala. Ndalama yogulira ina panalibe, poti thumba la mzikiti linali litathera pa malata a chipinda cha madrasa. Ramadhan nayo inali pakhomo: chaka chimenecho inayamba kumayambiriro kwa Epulo.

Muadhini wathu ndi bambo wachikulire amene anayamba kuitanira swala ine ndisanadziwe alif ndi baa. Kale mawu awo ankafika mpaka pa doko, koma ukalamba unawachepetsa. Popanda chimkuzamawu, azana yawo inkathera pa mtengo wa mango wa kuseri kwa mzikiti. Anthu a swala ya Fajr anayamba kuchepa. Asodzi obwera kuchokera kokoka usipa usiku ankati sakumva kanthu, ndipo amayi ankadandaula kuti nthawi ya daku adzaidziwa bwanji. Pa msonkhano wa komiti wina anati tiziika azana ya m'foni pa sipika yobwereka. Ndinakana, chifukwa ma ulama ambiri amaphunzitsa kuti azana ndi ibada yofunika munthu wamoyo wokhala ndi niya, osati mawu ojambulidwa. Wina anati tipeze mnyamata wa mmero wamphamvu. Apo mkuluyo, amene anali chete pakona, anayankhula motsitsa: "Mwalimu, ngati mawu anga atha, musaope kundiuza. Nyumbayi si yanga." Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndinabwerera kwa mkonzi uja pa kabaza kukafunsa ngati panalibe njira yotsika mtengo. Iye anatulutsa wailesi yakale ya m'galimoto, n'kuchotsamo kachipangizo kakuda kochepera chikhadabo cha chala chachikulu, ka miyendo isanu, kolembedwa TDA2003. Amisiri amangokatcha IC. Anandifotokozera kuti ntchito yonse yokuza mawu ili m'kati mwake, ndipo kanapangidwira batire ya galimoto ya mavolti 12. Izi zinandikomera, pakuti mu Januwale chaka chomwecho namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunali kwa tsiku ndi tsiku. Ife tinali ndi batire ndi sola yaing'ono ya madrasa. "Nanga bolodi?" ndinafunsa. "Shehe, bolodi siyofunika," anatero akujambula pa chikuto cha kope. "Mwendo wa ichi muwotcherere pa mwendo wa icho, basi. Mawailesi a makolo athu ankapangidwa choncho."

Ankanena zoona. Mabolodi osindikizidwa asanafale m'zaka za m'ma 1950, mawailesi ankalumikizidwa ndi manja, waya ndi waya, mfundo ndi mfundo. Ngakhale lero njirayi ili ndi oikonda. M'chaka cha 1999 kampani ya ku Japan yotchedwa 47 Laboratory inatulutsa ampulifaya ya dzina loti Gaincard, ya IC ya mtundu wa LM3875 ndi tizipangizo towerengeka pa njira yaifupi kwambiri, n'kumaigulitsa pa madola zikwi zingapo. Anthu m'maiko ambiri anayamba kupanga zawozawo kunyumba motsanzira imeneyo. Ine sindinkafuna kukometsa nyimbo. Ndinkangofuna kuti mawu a mkulu mmodzi afike kunyanja.

Ndinagwira ntchitoyi madzulo ana ataweruka, pamodzi ndi mnyamata wina wa kalasi ya hifz amene maso ake ndi akuthwa kuposa anga. IC ija tinaimanga ndi bawuti pa chidutswa cha poto wakale wa aluminiyamu kuti chizimwa kutentha, miyendo yake itayang'ana kumwamba. Mwendo woyamba ndi polowera mawu, kudzera pa kapasita yaing'ono. Wachitatu ndi wa negativi, wachisanu ndi wa pozitivi ya batire, ndipo wachinayi ndi potulukira mawu kupita ku sipika kudzera pa kapasita yaikulu ya 1000 µF. Wachiwiri ndiwo unandidabwitsa. Umalandira kachigawo ka mawu otuluka, kobwezedwa kudzera pa marezisita awiri, ya ma ohm 220 ndi ya ma ohm 2.2, ndipo awiriwa ndiwo amalamula kuti mawu akule pafupifupi maulendo 100. Kunena kwina, kachipangizoka kamayerekeza mosalekeza zimene kakutulutsa ndi zimene kalandira, n'kumadzikonza kokha. Popeza mphamvu ya maikolofoni ndi yochepa zedi, tinaika patsogolo pake tiranzisita imodzi yochokera mu wailesi yakufa. Magetsi akazima tinkatenthetsa chowotcherera cha kopa pa mbaula, n'kumasungunulira mtovu.

Tsiku loyesa linandichititsa manyazi. Titangolumikiza batire, sipika ya lipenga inalira likhweru lobaya m'makutu, pansi pake pakumveka kung'ung'udza ngati njuchi za m'phanga. Chidutswa cha poto chinatentha moti sindikanachigwira. Ana amene ankasuzumira pa zenera anathawa akuseka. Ndinayang'ana chojambula cha pa kope kambirimbiri, ndipo chilichonse chinali pamalo pake. Ndinaimbira mkonzi uja ndili wokhumudwa. Iye sanafunse za zipangizo, anafunsa za mawaya: kutalika kwake, ndi pamene a negativi akumanirana.

Zolakwa zinali zitatu. Choyamba, mawaya a negativi ndinawamwaza, wina apa wina apo, moti mphamvu yaikulu yobwerera kuchokera ku sipika inkadutsa njira imodzi ndi mawu ofooka a maikolofoni n'kuwadetsa. Anandiuza kuti onse akumane pa mfundo imodzi pafupi ndi mwendo wachitatu. Chachiwiri, kapasita ya 100 nF yoyenera kukhala pa mwendo wachisanu penipeni ndinaiika patali, pa mawaya aatali ngati chikhatho, ndipo IC inayamba kudzimva yokha n'kumalira. Chachitatu anachipeza mnyamata uja pogwedeza mfundo iliyonse ndi kamtengo ka machesi. Mfundo imodzi inkaoneka yogwira, koma mtovu unangokuta waya pamwamba osalowerera, chifukwa ndinachotsa chowotcherera waya asanatenthe. Kunja inali yolumikizika, m'kati inali yoduka.

Pamenepo maganizo anga anabwerera ku koleji, m'kalasi ya maphunziro a Hadith. Tinaphunzira kuti mawu a Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anatifika kudzera mu isnad, unyolo wa anthu olandirana. Akatswiri sankakhutira ndi kukoma kwa mawu. Ankafufuza mfundo iliyonse: kodi uyu anakumanadi ndi amene akuti anamva kwa iye, kodi anali wokhulupirika, kodi ankasunga bwino zimene wamva. Imam Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, amakumbukiridwa chifukwa cha kusamala kotere. Unyolo woduka poonekera ndi wosavuta kuukana. Woopsa ndi umene ukuoneka wolumikizika pomwe wina wabisa podukapo. Ndinali nditalemba mayeso pa zimenezi n'kukhoza, koma ndinazimvetsa bwino tsiku limene ndinaona kamtengo ka machesi kakugwedeza waya wanga.

Ubwino wa kulumikiza kopanda bolodi ndi womwewo: palibe chobisika. Mfundo iliyonse ili poyera, ndipo amene anaiwotcherera amadziwika. Ikachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja kuno, umaiona n'kuikonza. Tinamasula zonse, tinafupikitsa miyendo, tinapala waya aliyense mpaka kopa atawala, n'kuyambiranso. Pa waya wa batire tinaikapo fyuzi, ndipo zonse tinazitsekera m'chitini cha mabisiketi chobowola. Titalumikiza kachiwiri, sipika inangokhala chete, moti ndinaganiza kuti yafa. Mnyamata uja anatsokomola pafupi ndi maikolofoni, ndipo nkhuku za pabwalo zinabalalika.

Mphamvu yake ndi mawati ochepa chabe, kutalitali ndi ya imene inapsa ija. Poyamba zinandidetsa nkhawa, koma sipika ya lipenga siifuna zambiri, ndipo ndinakumbukira kuti Bilal ibn Rabah, Allah asangalale naye, ankaitanira anthu a ku Madina ali padenga la nyumba yaitali yoyandikana ndi mzikiti, wopanda waya ngakhale mmodzi. Zimkuzamawu zinalowa m'mizikiti posachedwapa: mzikiti wa Sultan ku Singapore unaziika m'chaka cha 1936. Cholinga n'choti woyenera kumva amve, osati kugonthetsa mudzi. Tili ndi anansi achikhristu, odwala ndi makanda, ndipo nawo ali ndi ufulu pa ife. Lipenga tinaliloza kunyanja, kumene kuli nyumba zambiri za jamaa ndi doko.

M'bandakucha wa tsiku loyamba la Ramadhan ndinaima panja mumdima, mtima uli m'mwamba. Nyali za asodzi zinkaoneka patali cha ku chilumba cha Namalenje. Mkulu uja anayamba azana. Chimkuzamawu sichinawabwezere unyamata. Chinakuza mawu awo monga momwe alili, ndi kunjenjemera kwake, ndi kupuma kwawo pakati pa ziganizo. Chimakuza chimene chapatsidwa, chabwino ndi cholakwika chomwe, ndipo ndinazindikira kuti ana makumi anayi amene amakhala pamaso panga masana aliwonse amachitanso chimodzimodzi ndi katchulidwe kanga ndi khalidwe langa. Chilembo chimene ndingachitchule mopotoka lero chidzamveka m'nyumba zimene sindidzalowamo.

Itatha swala, msodzi wina amene zovala zake zinali zikadanyowa anagwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri. "Agogo, takumvani tikukocheza bwato," anatero. Iwo anangoti Alhamdulillah, n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo pakhomo.

Chitini chija chikadali pa shelefu pafupi ndi mimbari. Mwera ukamawomba mwamphamvu mu Juni ndi Julayi mawu safika pa doko, ndipo komiti ikusonkhabe ndalama yogulira ampulifaya yaikulu. Ikadzabwera tidzailandira ndi manja awiri. Pakadali pano, mwezi uliwonse ine ndi mnyamata uja timatsegula chivundikiro, n'kuyesa mfundo imodziimodzi ndi kamtengo ka machesi.